Boti la ku Fort Sumter ndi malo akale a Charleston: oyenera ndalama zanu ndi oyenera kungodutsa

Tikiti ya boti lopita ku Fort Sumter, linga la pakamwa pa doko la Charleston m'chigawo cha South Carolina ku United States pomwe nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo inayambira mu 1861, imakugulirani maola awiri ndi mphindi 15. Mphindi 30 zimathera popita, zina 30 pobwerera, zina pokwera ndi potsika, ndiye pa linga penipenipo mumakhalapo ola limodzi lokha. Boti limene lakutulani ndi lomwelo limene likutengeni, ndipo silidikira munthu. Madandaulo ambiri okhudza ulendowu amachokera pa ola limeneli komanso pa chithunzi chimene anthu amapita nacho m'mutu. Amayembekeza linga lalitali la nsanjika zitatu limene amaliona pa zojambula za mu 1861, kenako n'kukapeza makoma afupiafupi ogumuka ndi chikonkire chakuda pakati pake. Ulendowu ndi woyenera kulipira, koma pawokha sukwanira. Ubwino wake umadalira zimene mwaona musanakwere botilo ndi zimene mukaone mukatsika.

Maboti amanyamukira malo awiri. Oyamba ndi Liberty Square, pa 340 Concord Street, pafupi ndi South Carolina Aquarium mumzinda momwemo. Achiwiri ndi Patriots Point ku Mount Pleasant, tsidya lina la mtsinje wa Cooper mukawoloka mlatho wa Arthur Ravenel Jr. Ngati palibe chokukakamizani, sankhani Liberty Square. Pamenepo pali nyumba yolandirira alendo ya National Park Service (nthambi ya boma yoyang'anira mapaki), yolowa ulere, imene imafotokoza mmene zinthu zinaipira mpaka kufika pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo nkhani imeneyo pachilumba simukaipezanso mokwanira. Fikani kutatsala ola kuti boti linyamuke, muwerenge zikwangwanizo mosapupuluma. Patriots Point ili bwino kwa amene ali ndi galimoto ndipo akufunanso kuona USS Yorktown, sitima yankhondo yonyamula ndege ya mu 1943 imene inakatenga oyenda mumlengalenga a Apollo 8 panyanja mu 1968, koma maulendo onyamukira kumeneko ndi ochepa. Amene alibe galimoto akwere basi yaulere ya DASH nambala 210, imene imafika pa Aquarium. Amene ali ndi galimoto aimike m'nyumba yoimikamo magalimoto ya kumapeto kwa Calhoun Street, osati m'mbali mwa msewu, chifukwa nthawi imene mwalipira pamenepo ikhoza kutha inu muli pakati pa nyanja.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi ndalama. Kulowa mu linga ndi ulere. Chimene mukulipira ndi boti, lomwe limayendetsedwa ndi kampani yomwe ili pa mgwirizano ndi boma. Choncho khadi yapachaka yolowera m'mapaki a dziko lonse sigwira ntchito pano. Munthu wamkulu akonzekere madola pafupifupi 40. Gulani pa intaneti kutatsala masiku, makamaka kuyambira Malichi mpaka Ogasiti, chifukwa boti loyamba limadzadza msanga. Boti loyambalo ndi limene tikukulangizani: dzuwa limakhala lisanayambe kuswa mtengo, ndipo alendo a ulendo woyamba ndi amene nthawi zambiri amathandiza ogwira ntchito kutambasula ndi kukweza mbendera. A ulendo womaliza amathandiza kuitsitsa.

Popita, khalani mbali ya kudzanja lamanja kuti muone mzinda wonse ukutsalira: nsanja za matchalitchi, khoma lotchinga madzi la The Battery, kenako James Island kumene kunali Fort Johnson. Mudutsanso Castle Pinckney, kalinga kosiyidwa pa kachilumba, komwe tsopano ndi kwawo kwa mbalame. Panjira amafotokoza mbiri kudzera m'masipika, koma mukakhala pamwamba popanda denga, mphepo ndi phokoso la injini zimameza mawu. Wofuna kumva akhale m'kati kapena pafupi ndi sipika. Wofuna kujambula akwere pamwamba n'kuvomereza kuti theka la nkhaniyo limupita. Gwiritsani ntchito chimbudzi cha m'boti musanatsike ndipo nyamulani madzi akumwa. Ku Charleston madzi a m'nyanja amakwera ndi kuphwa ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, ndiye kamlatho kotsikira kamatha kukhala kotsetsereka kwambiri. Oyenda pa njinga ya anthu aulumali afunse za kukwera kwa madzi pa tsikulo asanagule tikiti, ndipo adziwe kuti pamwamba pa linga ndi pa myuziyamu yake pamafikika ndi masitepe.

Linga limeneli linayamba kumangidwa mu 1829 pamalo pomwe panalibe chilumba. Anathira miyala matani pafupifupi 70,000 pa mchenga wa pakamwa pa doko, n'kumangapo makoma a njerwa a mbali zisanu, okhuthala mita imodzi ndi theka, otalika mamita pafupifupi 15. Cholinga chinali mizinga 135 ndi asilikali 650, koma pofika 1860 linali lisanathe. South Carolina itadzipatula ku United States pa 20 Disembala 1860, Major Robert Anderson wa gulu lankhondo la United States anasamutsa asilikali ake usiku wa pa 26 Disembala kuchoka ku Fort Moultrie kubwera kuno, poona kuti Moultrie sakanatha kuiteteza kwa adani obwerera kumtunda. Chipolopolo choyamba chinachokera ku Fort Johnson nthawi ya 4:30 m'mamawa pa 12 Epulo 1861, ndipo mizinga ya General P. G. T. Beauregard wa Confederacy, mgwirizano wa zigawo za kummwera zimene zinadzipatula, inalira kwa maola 34 mpaka Anderson anagonja n'kupereka lingalo. Palibe anafa pa kuwomberanako. Woyamba kufa, Daniel Hough, anafa pa 14 Epulo onga utaphulika mwangozi pamene ankawomba mizinga yotsanzikana ndi mbendera.

Ambiri amaganiza kuti mabwinja amene akuwaona ndi a masiku awiri amenewo. Ayi. Amene anagumula lingali ndi asilikali a boma la United States, omwe kuyambira mu 1863 ankaliwombera kuchokera ku Morris Island ndi mizinga yatsopano ya mizere m'kati, imene zipolopolo zake zinkazungulira n'kuboola njerwa. Njerwa zikagwa, asilikali a Confederacy ndi akapolo amene ankawakakamiza ntchito ankaziunjika pamodzi ndi mchenga, ndipo mulu wa zigumukirewo unali wolimba kuposa khoma loyamba lija. Anachokamo okha mu Febuluwale 1865. Chikonkire chakuda cha pakati ndi Battery Huger, chomangidwa pa nthawi ya nkhondo yolimbana ndi Spain ya mu 1898. N'chosaoneka bwino, chinaphimba theka la bwalo, ndipo chimasokoneza aliyense wofuna kuona mmene malowa analili mu 1861. Komabe ndi chimene chimakupatsani pokwera.

Ola lanu ligaweni chonchi. Mukatsika, wogwira ntchito wa paki amayankhula kwa mphindi 10 kapena 15. Mvetserani ngati simunawerenge ku Liberty Square. Ngati munawerenga, dutsani gululo mupite molunjika m'zipinda za mizinga za pansi anthu asanadzadzemo. M'khoma la mbali imodzi muli zipolopolo zikuluzikulu zimene zinalowa n'kukanirira momwemo mpaka lero, ndipo n'zosavuta kuzidutsa osaziona, choncho funsani wogwira ntchito akulozereni. Yang'anitsitsaninso njerwa. Zinaumbidwa ndi akapolo m'maesiteti ozungulira mzindawu, ndipo pa zina pali timaenje titatu kapena tinayi tondondozana pomwe zala zinakanikiza dothi lisanaume. Kenako kwerani mu myuziyamu ya m'kati mwa Battery Huger, momwe kale munkaonetsedwa mbendera ya nyenyezi 33 imene inkauluka pa linga nthawi ya kuwomberanako. Mphindi 15 zikukwanirani. Mphindi zotsalazo zitherani pamwamba. Pamenepo ndi pomwe ndalama yanu imabwerera, chifukwa mumaona Fort Moultrie mbali ina, Morris Island ndi James Island mbali inayo, n'kuzindikira kuti Anderson ndi anthu ake osakwana 100 anali pakati pa mizinga mbali zitatu. Muonanso mpata umene Robert Smalls anadutsa m'bandakucha wa pa 13 Meyi 1862. Iye anali kapolo woyendetsa sitima ya Planter. Anaitenga oyang'anira ake ali kumtunda, ananyamula banja lake ndi anzake, analiza wezulo monga ankachitira kaputeni podutsa pa lingali, n'kukaipereka kwa asilikali apamadzi a boma. Kasitolo ka mabuku ka pachilumbachi kasiyeni. Mabuku ngati omwewo ali ku Liberty Square, komwe simukuthamangitsana ndi nthawi.

Chimene Fort Sumter singakupatseni ndi chifukwa cha nkhondoyo. Mu 1860, anthu 57 pa 100 alionse a mu South Carolina anali akapolo, ndipo chikalata chimene boma la chigawochi linatulutsa pofotokoza kudzipatula kwake chimatchula ukapolo mosabisa mawu. Kuti zimenezi zikulowereni, yendani mphindi zochepa kuchoka pokwerera boti kupita ku International African American Museum, pa 14 Wharfside Street, imene inatsegulidwa mu Juni 2023. Ili pamalo pomwe panali Gadsden's Wharf, doko limene sitima za akapolo zinkakocheza m'zaka zomalizira lamulo loletsa kubweretsa akapolo kuchokera kunja lisanayambe kugwira ntchito pa 1 Januwale 1808. Akatswiri a mbiri amati pafupifupi 40 pa 100 alionse a Afirika amene anabweretsedwa ku North America monga akapolo analowera pa Charleston.

Nyumbayi anaikweza pa zipilala 18 zotalika mamita anayi kuti isakhudze nthakayo, ndipo munda wa pansi pake ndi wolowa ulere ngakhale mulibe tikiti. Cha kumadzi kuli dziwe losazama lomwe madzi ake amadzadza n'kuphwa mobwerezabwereza. Akaphwa, pansi pamatuluka zithunzi za matupi a anthu ogonekedwa mothithikana monga ankawalongedzera m'sitima. Akadzadza, matupiwo amabisikanso. Imani pamenepo mpaka madzi achite zonse ziwiri. M'kati, zipinda ziwiri zazing'ono ndi zimene zimagwira mtima kuposa makanema akuluakulu: chimodzi chili ndi mayina achiafirika ndi zaka za anthu ogwidwa, china chili ndi mayina amene akapolo ankalembedwa nawo m'mabuku a eni maesiteti. Gawo la mpunga wa Carolina Gold limafotokoza bwino kuti chuma cha mzindawu chinadalira luso la alimi ochokera kugombe la kumadzulo kwa Africa, ndiponso mmene zitseko zamatabwa za m'mizere ya minda zinkalowetsera madzi a mtsinje nyanja ikakwera n'kuwatulutsa ikaphwa. Gawo la a Gullah Geechee, zidzukulu za akapolo a m'mbali mwa nyanja kuno, lili ndi kanyumba kopempherera komangidwa m'kati momwemo. Kulinso Center for Family History yothandiza anthu kufufuza makolo awo.

Pali zofooka zake. Nkhani zachuluka, makanema angapo amayankhula nthawi imodzi, ndipo khoma lalitali la zaka limatopetsa ngati mukufuna kuwerenga chilichonse. Maola awiri ndi theka ndi oyenera. Osayesa kuipanikiza mu ola limodzi lodikirira boti. Matikiti ndi a nthawi yoikika, ndipo Lolemba imakhala yotseka. Dongosolo labwino ndi boti loyamba m'mawa, chakudya, kenako myuziyamuyi masana, pomwe kunja kwatentha ndipo inu muli m'nyumba yozizira.

Mukatuluka n'kukwera Calhoun Street mufika pa Emanuel African Methodist Episcopal Church, pa nambala 110. Mpingowu ndi wa Denmark Vesey, amene ananyongedwa mu 1822 pomuimba mlandu wokonza zoti akapolo aukire, ndipo tchalitchi choyamba chinawonongedwa. Pa 17 Juni 2015, anthu asanu ndi anayi anaphedwa momwemo pa phunziro la Baibulo. Ndi tchalitchi chomwe anthu akupempheramo, si malo okopa alendo. Imani panja mwaulemu, ndipo ngati mukulowa, lowani monga wopembedza.

Old Slave Mart Museum, pa 6 Chalmers Street, ndi yaing'ono, yotchipa, madola osapitirira 10, ndipo ndi yowerenga kwambiri kuposa kuona. Mu 1856 khonsolo ya mzinda inaletsa kugulitsa anthu poyera pafupi ndi nyumba ya Exchange, malonda aja n'kulowa m'mipanda. Thomas Ryan anatsegula malo amenewa, omwe anali ndi ndende ya nsanjika zinayi, khitchini ndi nyumba yosungiramo mitembo. Chatsala ndi chinyumba chogulitsiramo chokha. Amene ankagulitsidwa pano anali obadwira ku America komweko, ambiri opita kuminda ya thonje ndi nzimbe ya kummwera kwenikweni. Zikwangwani zake zimafotokoza mmene ankakonzera munthu kuti akwere mtengo, mmene ogula ankamupimira, ndi mmene mabanja ankagawanikira. Mphindi 45 zikwana. Ana aang'ono sangapezemo chowagwira. Msewu wa Chalmers ndi woyalidwa miyala yobulungira, ndiye nsapato zazitali zidendene zisiyeni kogona. Ndipo musanamizidwe: City Market, msika wautali wa pa Market Street, sunali msika wa akapolo. Unali wa nyama, nsomba ndi masamba.

Pa nyumba zakale zolipira, ngati mukusankha imodzi, ikhale Aiken-Rhett House pa 48 Elizabeth Street, yomangidwa mu 1820. Oisamalira anasankha kuisunga mmene anaipezera m'malo moikonzanso: mapepala a m'makoma akusendeka, penti wakalekale akuoneka, ndipo kuseri kukadali khitchini, khola la mahatchi ndi tizipinda ta pamwamba pomwe akapolo a Bwanamkubwa William Aiken Jr. ankagona, tina topanda zenera loyang'ana panja. Mumayenda nokha mukumvetsera mawu ojambulidwa, choncho palibe okuthamangitsani. M'nyengo yotentha pitani m'mawa chifukwa zipinda zambiri zilibe makina oziziritsa. Nathaniel Russell House ya mu 1808, pa 51 Meeting Street, ndi yokonzedwa mwaluso, yotchuka ndi masitepe okhotakhota okwera nsanjika zitatu popanda mzati wooneka, ndipo tikiti yophatikiza ziwirizi ndi yotsikirako mtengo. Rainbow Row, nyumba 13 zopakidwa mitundumitundu pa East Bay Street, ndi za anthu ndipo simungalowemo. Mphindi zisanu ndi chithunzi chimodzi, basi.

Ngolo zokokedwa ndi mahatchi ndi nyulu ndi zimene zimaoneka pa zithunzi zonse za mzindawu, ndipo anthu ambiri amakwera osadziwa kuti njira sasankha ndi iwo kapena woyendetsa. Ngolo iliyonse imaima pa kachipata pafupi ndi City Market, pomwe wogwira ntchito wa khonsolo amatulutsa kampira m'makina a maere, ndipo kampirako ndi kamene kamanena dera loti mupite. Amatero pofuna kuti ngolo zisaunjikane msewu umodzi. Ndiye mukhoza kulipira ndi mtima wofuna kuona The Battery, n'kupezeka mukuzungulira dera la College of Charleston. Kutentha kukafika madigiri 95 a Fahrenheit, omwe ndi 35 a Celsius, lamulo la mzinda limaimitsa ngolo zonse, zomwe zimachitika masana a Julayi ndi Ogasiti. Mukaona kampira ka labala kokhala ndi kambendera pakati pa msewu, musakatole: ndi chizindikiro cha pomwe hatchi yakodza, choti otsuka misewu apaone. Ulendowu umatenga pafupifupi ola, ndipo ubwino wake umadalira woyendetsa amene mwagwera. Wofuna mbiri yeniyeni apindula kwambiri ndi ulendo wapansi wa maola awiri ndi wotsogolera alendo, chifukwa ali pansi akhoza kuima n'kuona zinthu ziwiri zimene pangolo zimangodutsa. Choyamba ndi zitsulo zozungulira kapena zooneka ngati nyenyezi pamakoma, zomwe ndi mitu ya ndodo zachitsulo zimene anabaya nyumba kuchoka khoma lina kufika lina n'kumanga ndi mabauti pambuyo pa chivomezi cha pa 31 Ogasiti 1886. Chachiwiri ndi mamangidwe a nyumba za kuno, zopyapyala kumsewu koma zazitali kulowa m'kati, zomwe chitseko chake cha kumsewu sichilowa m'chipinda koma pa khonde lalitali la m'mbali, loyang'ana kummwera kapena kumadzulo kuti ligwire mphepo.

Pa maesiteti ndi pomwe kusankha kumavuta, chifukwa onse amalipiritsa, ali kutali ndi kutali, ndipo popanda galimoto mudzaboola m'thumba. McLeod Plantation ku James Island ndi yapafupi, mphindi 10 kapena 15 kuchoka mumzinda, ndipo ndi imene tikuiika patsogolo. Imayendetsedwa ndi nthambi ya mapaki ya Charleston County, inatsegulidwa kwa alendo mu 2015, ndipo nkhani yake yonse ndi ya anthu amene ankalima thonje la ulusi wautali pamalopo. Otsogolera alendo amatchula akapolo ndi mayina awo, amafotokoza mmene ankapimira ntchito ya tsiku ya munthu aliyense, ndipo sazemba mafunso. Nyumba yaikulu ilibe mipando yokongola yoti muzigoma nayo, ndipo ena amakhumudwa nazo. Mpake, chifukwa sichimene malowa akufuna kukuonetsani. Chachikulu ndi mzere wa tinyumba tamatabwa tisanu ndi kamodzi pansi pa mitengo ya oak. Nkhondo itatha pamalowa panali ofesi ya Freedmen's Bureau, nthambi ya boma yothandiza akapolo omasulidwa, ndipo mabanja a anthu akuda anapitiriza kukhala m'tinyumbati mpaka cha mu 1990. Fikani nthawi yoti mupezane ndi ulendo wotsogoleredwa, womwe uli kale m'tikiti. Kuyenda nokha n'kutaya theka la phindu. Udzudzu ulipo, nyamulani mankhwala odzola.

Boone Hall ku Mount Pleasant ili ndi msewu wa mitengo ya oak wokongola kuposa yonse komanso nyumba za akapolo zisanu ndi zinayi za njerwa, koma nyumba yaikulu imene anthu amaima pamzere kuti alowemo ndi ya mu 1936, ukapolo utatha kalekale. Nthawi yanu itherani ku nyumba za njerwazo ndi pa chionetsero cha chikhalidwe cha a Gullah. Ena atatu ali motsatizana mu Ashley River Road. Drayton Hall, yomangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1700, ilibe magetsi, mipope kapena mipando, ndipo ndi ya okonda kuona mmene amisiri ankagwirira pulasitala ndi matabwa. Pamalopo palinso manda akale a anthu akuda. Magnolia ndi ya maluwa, makamaka kumapeto kwa Malichi, ndipo muonetsetse musanalipire kuti tikiti yanu ikuphatikiza chiyani. Middleton Place ili ndi minda yokonzedwa kuyambira mu 1741, koma nyumba yaikulu inawotchedwa mu 1865 ndipo chivomezi chija chinagwetsa zotsala. Chimene mumalowamo ndi phiko limodzi. Kuona atatu onse tsiku limodzi n'kungodzitopetsa. Awiri pa ulendo wonse akwana: McLeod ndi ina imodzi malinga ndi zimene mumakonda.

Malo amene alendo ambiri amawadumpha, pomwe ndi otchipa ndipo samakuthamangitsani, ndi Fort Moultrie ku Sullivan's Island. Kuno mumafika pa galimoto, mumalipira madola 10, ndipo khadi yapachaka ya mapaki ija imagwira ntchito. Pa 28 Juni 1776, asilikali a William Moultrie anabweza sitima zankhondo za Britain ali mu linga losatha la mitengo ya palmetto ndi mchenga. Mtengowu ndi wofewa m'kati, ndiye zipolopolo zinkangomira m'malo moswa khoma, n'chifukwa chake uli pa mbendera ya South Carolina. Linga la njerwa limene lilipo pano ndi la mu 1809 ndipo linagwira ntchito mpaka 1947, moti mukamayenda mumadutsa mizinga ya nyengo zosiyanasiyana mpaka chipinda cha pansi chowongolera doko cha nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Pakhomo pali manda a Osceola, mtsogoleri wa a Seminole, mtundu wina wa eni nthaka a ku America, amene anafera m'ndende pano mu Januwale 1838. M'nyumba yolandirira alendo muli chionetsero cha Afirika amene ankasungidwa kaye pachilumbachi pofuna kuona ngati ali ndi matenda asanawapititse kukagulitsidwa. Kwa amene nthawi kapena ndalama sizikulola boti, Moultrie imapereka mbiri yochuluka kuposa Sumter, ndipo Sumter yomweyo mumaiona bwinobwino muli pagombe.

H. L. Hunley, sitima ya Confederacy yoyenda pansi pa madzi imene inamiza USS Housatonic pa 17 Febuluwale 1864 n'kumira nayonso ndi anthu ake asanu ndi atatu, inavuulidwa mu 2000 ndipo ili m'thanki ya mankhwala ochotsa mchere ku Warren Lasch Conservation Center ku North Charleston. Alendo amalowa Loweruka ndi Lamlungu. Mumaionera pamwamba pa thanki, ndiye musayembekeze kuigwira. Chosangalatsa ndi chofanizira chake chomwe mungalowemo n'kupukusa chitsulo chimene anthuwo ankayendetsera sitimayo ndi manja.

Chogula choyenera ndi madengu a udzu wa sweetgrass, olukidwa ndi a Gullah, omwe anachokera ku malichero opetera mpunga a m'maesiteti. Amapezeka ku City Market ndi m'tizisakasa ta m'mbali mwa Highway 17 ku Mount Pleasant. Woluka amapota udzuwo pamodzi ndi mlulu ndi masamba a paini, n'kusoka ndi timizere ta masamba a palmetto poboola ndi chogwirira cha supuni chonoledwa. Kadengu kakang'ono ndi madola makumi angapo, lalikulu mazana, chifukwa limatenga masiku kapena milungu. Lenileni ndi lolimba mukalifinya, losokedwa mothinana, ndipo limanunkhira udzu wouma. Mukaona ulusi wa pulasitiki kapena mtengo wotsika modabwitsa, ndi lochokera kunja. Gulani kwa amene mukumuona akuluka, ndipo mupemphe chilolezo musanamujambule.

Nyengo yabwino ndi Malichi mpaka Meyi, kapena Okutobala ndi Novembala. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kumatentha ndi chinyezi, mvula ya mabingu imagwa masana, ndipo nyengo ya namondwe ndi 1 Juni mpaka 30 Novembala. Hugo wa mu Seputembala 1989 akadali muyeso umene anthu a kuno amayezera ena onse. Mphepo kapena chifunga zikakula boti limatha kulephereka, choncho ikani Fort Sumter tsiku loyamba la ulendo wanu kuti mukhale ndi mpata wosintha. Mbali zambiri za mzindawu zinamangidwa pa madambo ndi timitsinje tokwiriridwa, kuphatikizapo Market Street, ndipo mvula ikakumana ndi kukwera kwa nyanja misewu imasefukira m'mphindi zochepa. Nthawi ya mwezi watsopano kapena wathunthu madzi amatha kutulukira m'ngalande ngakhale kulibe mtambo. Madziwo ndi amchere ndipo amawononga galimoto ya hayala, ndiye onani ndandanda ya kukwera kwa madzi m'mawa uliwonse, ndipo masiku otere imikani pa nsanjika yachiwiri ya nyumba yoimikamo magalimoto.